Mamba wolavula akamabwerabwera pakhomo panu

M'dzinja loyamba titangolowa m'nyumba yathu ya kuchigwa cha Shire tinapha njoka zitatu za mtundu umodzi. Ina inali kuseri kwa mtsuko wa madzi m'khitchini, ina m'khola la nkhuku, yachitatu pansi pa thumba la chimanga pabalaza penipeni. Titapha yoyamba tinapumira m'mwamba n'kumati zatha. Itabwera yachiwiri, achimwene anagula parafini n'kuwaza kuzungulira nyumba yonse. Pa yachitatu anthu anayamba kunong'ona zoti alipo amene akutitumizira. Zonsezi sizinaphule kanthu. Maso anga anatseguka tsiku lina madzulo nditakhala pakhonde mvula itangokata, pamene ndinayamba kuwerenga achule amene anasonkhana pansi pa babu la panja. Anakwana 14, aliyense ali kalikiliki kutola ngumbi zogwa. Ndinazindikira kuti njokazo zinkabwera kudzadya, ndipo chakudyacho tinkaziikira tokha usiku uliwonse, pafupi ndi chitseko chimene chinali ndi mpata wolowa dzanja kunsi kwake.

Ndalemba izi chifukwa cha anthu amene atopa ndi kupha njoka chaka ndi chaka koma osaona kusintha. Kupha kumachotsa njoka imodzi yokha. Zimene zinaikoka zikatsala, malo ake atenga inzake.

Yambani mwaidziwa njokayo

Njoka imene ndikunena ndi mamba wolavula, amene akatswiri amamutcha Naja mossambica. Dzinali linaperekedwa mu 1854 ndi Wilhelm Peters, katswiri wa ku Germany amene anapeza njokazi m'chigwa cha Zambezi, cha ku Tete ndi ku Sena. Choncho ndi njoka yakwathu kuno. Imapezeka m'Malawi, Mozambique, Zambia, Zimbabwe, Botswana, Eswatini ndi kumpoto ndi kum'mawa kwa South Africa, kumene Azulu amaitcha mfezi. Musaisokoneze ndi njoka imene m'Chingerezi amati black mamba. Imeneyo ndi ina, yaitali kwambiri, ndipo silavula.

Yaikulu nthawi zambiri imatalika pafupifupi mita imodzi, ndipo zotalika kwambiri zimafika cha m'ma mita imodzi ndi theka. Kumsana imakhala yotuwa kapena yofiirira ngati dothi louma, ndipo mamba a pakhungu lake ali ndi m'mphepete mwakuda moti ukaiona pafupi imaoneka ngati yavala ukonde. Chizindikiro chosasokoneza chili kumimba ndi pakhosi: kumimba n'kofiirira mopepuka kapena kwachikasu, ndipo pakhosi pali mizere yakuda yopingasa, yosafanana kukula. Ikaopsezedwa imadzutsa mutu n'kutambasula khosi, mizere ija n'kuonekera bwino.

Koma apa pali msampha. Ambiri amaganiza kuti njoka imeneyi imayamba yadzuka n'kutambasula khosi isanalavule, ndiye amati akaiona ili gone palibe choopsa. Mamba uyu amatha kulavula ali chigonere, ali pansi pa mwala kapena m'una, mutu wokha utasuzumira. Mano ake a ululu ali ndi timabowo tating'ono toyang'ana kutsogolo, ndipo akafinya minofu ya m'mutu ululu umathovoka ngati madzi a m'jakisoni mpaka mamita awiri kapena atatu. Amalunjika kumaso, ndipo amatha kulavula kambirimbiri motsatizana osatha ululu.

Zazikulu zimayenda kwambiri usiku. Zing'onozing'ono zimaonekanso masana, zikuothera dzuwa pafupi ndi pobisalira pake. Nyengo imene zimavuta kwambiri ndi kuyambira kutentha kwa Okutobala mpaka mvula itatha cha mu Epulo.

Mwapha imodzi, pasanathe mwezi yabwera ina

Anthu amati yabwerayo ndi mkazi kapena mwamuna wa yophedwa ija, wabwera kudzalipsira. Njoka sizikhala pabanja ndipo sizisunga mangawa. N'zoona kuti m'nyengo yokwerana yamphongo imatha kutsata fungo la yaikazi, koma zikamabwera mwezi ndi mwezi, chifukwa chake n'chakudya. Tengani tochi, muzungulire pakhomo panu cha m'ma 8 koloko usiku, muyang'ane zinthu zitatu.

Choyamba ndi achule. Mamba wolavula amakonda achule kwabasi, makamaka aja a khungu la nthudza amene amadumphadumpha pabwalo mvula ikagwa. Achule amatsata tizilombo, tizilombo timatsata kuwala. Ngati babu lanu la panja kapena nyali ya sola ili pamwamba pa chitseko, ndiye kuti mwaika mphika wa ndiwo pakhomo lolowera. Ife tinachotsa babu pachitseko n'kuliika pamtengo umene uli mamita angapo kuchoka panyumba, likuwalira chakunyumba. Pabwalo pankaonekabe bwino, koma achule anasamukira kumtengo kuja. Babu lowala mwachikasu limakokanso tizilombo tochepa poyerekeza ndi loyera mbee. Achule amafunanso chinyontho: mpopi wodontha, madzi oyenda kuchokera kubafa n'kudikha kuseri kwa nyumba, chithaphwi cha pathandala la mbale, matayala akale osunga madzi a mvula. Kumbani dzenje, mudzazemo miyala ndi zidutswa za njerwa, madzi a kubafa azilowa pansi. Ntchito imeneyi ndi ya tsiku limodzi koma phindu lake limaposa mankhwala alionse amene mungagule.

Chachiwiri ndi makoswe ndi mbewa. Yang'anani zitosi zawo kuseri kwa matumba, mvetserani phokoso kudenga usiku. Chimanga chimene chaunjikidwa pansi m'chipinda, madeya otayika, nsima yotsala imene yatayidwa kuseri kwa khitchini, zonsezi zimaweta makoswe, ndipo una wa khoswe ndi msewu wa njoka komanso chipinda chake. Matumba aikidwe pathandala lokwera, lotalikirako ndi khoma kuti muzitha kusesa ndi kuona kuseri. Ufa ndi madeya zikhale m'zidebe zotseka. Ine ndimakonda misampha kuposa mankhwala a makoswe, chifukwa pakhomo pamene pali ana, nkhuku ndi amphaka mankhwalawo amatha kupha wosalakwa.

Chachitatu ndi khola la nkhuku. Njokayi imadya mazira ndi anapiye, ndipo m'khola mumakhalanso makoswe otsata zakudya zotsalira. Waya wamba wa khola ali ndi mabowo aakulu moti mamba amangodutsa. Pamafunika waya wa mabowo osaposa sentimita imodzi, wozungulira mbali zonse za m'munsi, wokwiriridwa pang'ono m'dothi. Ngati ndalama ya waya palibe, matani ming'alu yonse ndi dothi, khola likhale lokwera, pansi pake posesedwa poti mbee, ndipo mazira azitoledwa dzuwa lisanalowe. Khola lisagundane ndi nyumba yogona. Ndikudziwa kuti ambiri timagoneka nkhuku m'khitchini kapena m'nyumba momwe poopa akuba, ndipo nkhawa imeneyo ndi yomveka. Koma dziwani kuti fungo la anapiye m'nyumba limaitana njoka kulowa mpaka mkati.

Njoka imeneyi imadyanso abuluzi, mbalame zing'onozing'ono ndi njoka zinzake, ngakhale mphiri. Sisankha, ndiye chifukwa chake imakhala bwino pafupi ndi anthu.

Chakudya mwachotsa koma ikuonekabe

Pamenepo ndiye kuti ili ndi pogona pafupi. Kutchire imakhala m'chulu, m'mphako za mitengo, pansi pa zitsa ndi m'ming'alu ya miyala, kawirikawiri kufupi ndi madzi. Pakhomo imapeza zofanana nazo: mulu wa njerwa zodikira kumanga, malata akale ogonekedwa pansi, nkhuni zounjikidwa kukhoma, mapesi, dzala, chimbudzi chakale chogumuka, ndi mng'alu wa pansi pa khonde la simenti. Ikapeza malo abwino imatha kukhalapo nthawi yaitali, kumatuluka usiku n'kumabwerera m'mamawa. Mukapeza khungu lofundula pamalo amodzi kawiri, dziwani kuti mwini wake sali kutali.

Zonsezi zisunthidwe kutali ndi nyumba, ndipo nkhuni ndi malata zikhale pamwamba. Posuntha, chitani masana, muvale nsapato zotseka ndi magalasi alionse amene muli nawo, ngakhale a dzuwa. Yambani mwatembenuza chinthu ndi khasu kapena ndodo yaitali, mochikokera kwa inu kuti chimene chili pansi chithawire mbali inayo. Osapisa dzanja pamene maso sakuona. Udzu utchetchedwe mamita angapo kuzungulira nyumba, ndipo maungu kapena mbatata zisayangire mpaka kukhoma. Makolo athu ankasesa bwalo lonse kukhala loyera, ndipo nzeru imeneyo inali yozama: njoka siikonda kudutsa poyera pamene akabawi ndi ziwombankhanga angaione, komanso m'mawa mumatha kuona mkukuluzi wake pafumbi n'kudziwa kumene yachokera.

Mwawaza parafini, mwawotcha tayala, palibe chasintha

Sichisintha. Parafini, dizilo, oilo wakutha wa galimoto, mankhwala onunkha otsukira m'chimbudzi, phulusa, mchere, utsi wa tayala, zonsezi sizithandiza ndipo njoka zimangodutsapo. Mbewu zimene amati zimathamangitsa njoka nazonso sizitchinga kanthu, mwinanso zimangoipatsa mthunzi wobisalamo. Choipa kwambiri n'chakuti munthu akawaza mankhwala mtima umakhala pansi, n'kusiya kutseka mpata wa chitseko. Oilo amaononga dothi ndi madzi a pachitsime, ndipo utsi wa tayala umadwalitsa ana chifuwa. Ndalama ya parafiniyo mugulire thumba laling'ono la simenti.

Ikulowa m'nyumba usiku

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Njoka zambiri zimaluma munthu akaziponda kapena akafuna kuzipha. Mamba wolavula ali ndi khalidwe lina loopsa: amalowa m'nyumba usiku n'kuluma munthu ali m'tulo, osamuputa. Madokotala a m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa ndi a ku Eswatini akhala akulandira anthu ambiri olumidwa motere, ambiri mwa iwo ana, ndipo mabala amakhala pankhope, pachifuwa, pamkono kapena pazala. Akatswiri ambiri amaganiza kuti njokayo ikamasaka, imamva fungo ndi kutentha kwa thupi n'kuyesa chakudya. Kugona pabedi kumathandiza koma sikokwanira, chifukwa imakwera.

Ndiye nyumba iyenera kutsekedwa ngati mmene mungatsekere chidebe cha ufa. Masana, tsekani zitseko ndi mawindo onse, muime mkati, muone paliponse pamene kuwala kukulowera. Mpata umene chala chanu chachikulu chingalowe, njoka yaing'ono ilowanso. Kunsi kwa chitseko ndiye khomo lake lalikulu. Dulani mphira wa tayala lakale, mukhomere kunsi kwa chitseko kuti azikhudza pansi, kapena wakani kachipupa kakang'ono ka simenti pakhomo kuti chitseko chizigunda. Kutsekera ndi chiguduli usiku n'kwabwino kuposa kusiya pululu, koma tsiku lina mudzaiwala. Yang'anani bowo lotulukira madzi m'bafa ya m'nyumba, muikepo waya. Yang'anani polowera mapaipi, mauna a makoswe m'makona, njerwa za mabowo zolowetsa mpweya zimene zili m'munsi, ndi mpata wa pakati pa khoma ndi denga ngati pali nthambi za mtengo kapena mpanda wogunda nyumba. Nthambizo zidulidwe.

Vuto lina ndi kutentha. Kuchigwa kuno mu Okutobala ndi Novembala m'nyumba simugoneka, ndiye anthu amasiya chitseko chotsegula mpaka pakati pa usiku, ena amayala mphasa pakhonde. Njoka imalowa nthawi imeneyo, inu mukucheza panja, n'kukabisala pansi pa bedi. Mukamatseka chitseko mumaitsekera mkati. Ngati n'kotheka, pangani chitseko chachiwiri cha waya wa udzudzu kuti mphepo izilowa. Ngati sizitheka, chitseko chizitsekedwa dzuwa likangolowa, mawindo a m'mwamba ndiwo atsegulidwe.

Kenako neti. Neti ya udzudzu yomwe ija timalandira kuchipatala ndi mpanda wabwino kwambiri pakati pa mwana wogona ndi njoka, koma pokhapokha itapisiridwa pansi pa matiresi kapena pansi pa mphasa mbali zonse zinayi. Neti yolendewera mpaka pansi, yosapisira, imasiya njira. Yong'ambika isokedwe. Bedi lisagunde khoma, zofunda zisalendewere pansi, ndipo mwana asagone atatsamira neti. Ogona pansi apisire netiyo mosamala kwambiri, chifukwa iwowo ndi amene ali panjira yeniyeni ya njoka. Kwathu tinakhazikitsa lamulo loti asanagone aliyense, wamkulu mmodzi aunike ndi tochi pansi pa mabedi ndi kuseri kwa zitseko, n'kukutumula zofunda. Zimatenga mphindi ziwiri. Tochiyo igone pafupi ndi mutu, ndipo wopita kuchimbudzi usiku asaponde pansi asanaunike, asatulukenso wopanda nsapato.

Mwaipeza m'chipinda

Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka mutatalikira mamita anayi kapena kuposa, nkhope mutayang'ana kumbali kapena mutatchinga maso ndi mkono. Tulutsani ana ndi agalu. Ngati chipindacho chili ndi khomo lotulukira panja, litseguleni, mutseke lolowera m'zipinda zina, muipatse njira. Nthawi zambiri imatuluka yokha pakakhala bata. Wina aziiyang'anira chapatali kuti mudziwe ngati yatulukadi. Kumene kuli anthu ophunzitsidwa kugwira njoka, kapena ofesi ya nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ili pafupi, aitaneni.

Ndikudziwa kuti kumudzi nthawi zambiri anthu amathamangira ndodo ndi miyala. Sindikuweruzani, nanenso ndinachitapo. Koma anthu ochuluka amalavuliridwa ndi kulumidwa pa nthawi imeneyi, m'chipinda chothina, mumdima, aliyense akukuwa. Dziwaninso kuti njoka imeneyi imadziwa kunamizira kufa: imagona chagada, kukamwa kuli yasa, ndipo woitola amalumidwa. Ngakhale yofadi, mutu wake umatha kuluma kwa kanthawi. Isagwiridwe ndi manja, ndipo ana asaseweretse.

Yalavulira munthu m'maso

Izi zinachitikira alamu anga m'chaka chachiwiri, tisanakonze khola. Anapita kukatola mazira chakumadzulo, n'kuwerama kusuzumira m'dengu limene nkhuku inkaikira. Njoka inali kuseri kwa dengulo ndipo sinadzuke n'komwe. Tinangomva kukuwa, "Mayo ine, maso anga!" Tinawapeza atagwada, manja ali kumaso, misozi ili chuchuchu, zikope zitatsekeka zolimba ngati zomatidwa. Anthu anathamangira, wina akuti tifinyiremo masamba, wina akuti mkodzo ndiwo mankhwala. Mayi anga sanayankhe aliyense. Anawagoneka chagada pakhonde, mutu utapendekera kumbali, n'kunditumiza ketulo ya madzi akumwa.

"Alamu, chotsani manja, musatikite," ndinawauza. "Ndikutsegulani diso, zipweteka koma pirirani."

Ndinakanula zikope ndi zala, mayi akuthira madzi pang'onopang'ono kuchokera mbali ya kumphuno kuti azitsikira kunja osalowa m'diso linalo, uku akuwauza kuti azitembenuza diso uku ndi uku. Ketulo ikatha ankadzazanso. Tinathira kwa mphindi pafupifupi 20, kenako njinga yamoto inawatengera kuchipatala. Kumeneko anawadonthezera mankhwala achikasu m'maso n'kuunika kuti aone ngati galasi la diso lakalika, anawapatsa mafuta opaka oteteza ku tizilombo ndi mankhwala ochepetsa kupweteka. Patatha masiku anayi maso anayera, akuona bwinobwino.

Chimene chinapulumutsa maso amenewo ndi madzi ambiri, msanga. Ululu wa njokayi umawotcha ngati tsabola wothira pabala, ndipo ofufuza a kusukulu ya Liverpool School of Tropical Medicine ku England ndi anzawo anasonyeza mu 2021 kuti ululu wa njoka zolavula uli ndi mphamvu yapadera yobweretsa kupweteka nthawi yomweyo, chifukwa kulavula ndi chida chodzitetezera. Ululuwo ukakhalitsa m'diso umadya galasi lake, pamabuka chilonda, ndipo munthu angathe kuchita khungu. Madzi alionse oyera amene ali pafupi ndi abwino. Ngati palibiretu madzi, mkaka ungagwire ntchito yotsukira, koma mkaka si mankhwala ndipo musataye nthawi kukaufuna madzi ali pompo. Musathiremo madzi a masamba, mkodzo, sopo, mandimu kapena fodya. Ngakhale kupweteka kutachepa, pitanibe kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kukalika kwa diso sikuoneka ndi maso wamba.

Ululu ukagwera pakhungu lopanda bala, ingosambani ndi madzi, ndipo musagwire m'maso musanasambe m'manja. Galu akabwera maso ali otupa, akulira ndi kudzikanda kumaso, mutsukeni chimodzimodzi, wina atamugwira mutu bwino kuti asakulumeni, ndipo mudziwe kuti njoka ili pafupi.

Yaluma

Ululu wa mamba wolavula umaononga kwambiri khungu ndi mnofu wa pansi pake. Anthu ofa nawo si ambiri poyerekeza ndi olumidwa, koma amene achedwa kulandira thandizo amatsala ndi zilonda zazikulu, zala zopindika kapena chiwalo chodulidwa. Poyamba pamakhala kupweteka koopsa ndi kutupa kumene kumakwera. Pakapita maola kapena masiku ochepa khungu lozungulira balalo limada, pamatuluka matuza, kenako mnofu umayamba kuola. Nthawi zina kuolako kumadumpha, n'kukabuka pamalo ena pamwamba pa pamene panalumidwa, pakati pali khungu looneka labwino. N'chifukwa chake bala looneka laling'ono usiku wa tsiku loyamba lisakupusitseni.

Chofunika ndi kunyamuka nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musadikire kuti kuche. Vulani mphete, zibangili, wotchi ndi nsapato chiwalo chisanatupe. Wolumidwayo akhale phee, chiwalocho chisagwedezeke, ndipo anyamulidwe pa njinga kapena galimoto m'malo moyenda yekha. Lembani nthawi imene walumidwa. Ngati njoka ikuoneka ndipo mungathe kuijambula ndi foni muli patali, jambulani, koma musachedwe ndi kuisaka.

Musamange chingwe kapena mphira pamwamba pa bala. Ndikutsindika chifukwa ndi chinthu choyamba chimene aliyense amathamangira: ululu wa mtundu uwu ukatsekeredwa malo amodzi, magazi osayenda, mnofu umafa msanga, ndipo miyendo ndi mikono yambiri imene inadulidwa inaonongeka ndi chingwe chomwecho. Musateme mphini, musayamwe bala, musaotche, musaikepo mwala wakuda uja amati umayamwa ululu, musamwetse munthu mowa. Pochepetsa kupweteka, panado ndi wabwino. Aspirin ndi brufen ayi. Ndimalemekeza achikulire amene amadziwa mitengo, ndipo ndikudziwa chifukwa chake anthu amawakhulupirira: njoka zambiri zimene zimaluma anthu zilibe ululu woopsa, ndipo ngakhale yaululu nthawi zina imaluma osathira kanthu, ndiye munthu amachira n'kutamanda mankhwala. Koma tsiku limene mamba wathira ululu wake wonse, maola amene atayika kwa sing'anga ndi omwe akanapulumutsa dzanja la mwana.

Kuchipatala, mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka, amene amati antivenom, amaperekedwa kudzera m'mtsempha, ndipo amagwira bwino akaperekedwa m'maola oyambirira. Mnofu umene wafa kale sangaudzutse. Amaperekedwa ndi achipatala okha chifukwa anthu ena thupi lawo limawakana mwamphamvu, ndipo pamafunika jakisoni wina pafupi. Si aliyense wolumidwa amene amawafuna. Dokotala amaona mmene kutupa kukuyendera. Mankhwalawa ndi odula ndipo sapezeka m'zipatala zonse, vuto limene lili m'maiko ambiri a mu Africa. Mu 2017 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo mu 2019 linakhazikitsa cholinga chochepetsa ndi theka imfa ndi kulumala kochokera ku njoka pofika 2030. Inuyo musadikire tsoka: funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu lero kuti chipatala chapafupi chimene chimasunga mankhwalawa ndi chiti, ndipo sungani nambala ya wanjinga yamoto amene angadzuke usiku. Ngakhale kumene mankhwalawo kulibe, chipatala chili ndi zambiri zochita: kuchepetsa kupweteka, jakisoni wa kafumbata, kutsuka bala, kuchotsa mnofu wakufa, ndi kukutumizani kuchipatala chachikulu. Akakutulutsani, bwererani pa tsiku limene akuuzani, ndipo mukaona khungu likuda kapena bala likununkha, musadikire tsikulo.

Mukuona tiana tambiri nthawi imodzi

Yaikazi imaikira mazira 10 mpaka 22 m'miyezi yoyambirira ya dzinja, cha mu Disembala ndi Januwale, pamalo ofunda ndi achinyontho monga m'chulu, m'una wakale kapena pansi pa mulu wa zinyalala zoola. Pakatha miyezi iwiri kapena kupitirirapo amaswa, ndipo tiana timatuluka totalika masentimita 23 mpaka 25. Mukaona tiwiri kapena titatu m'sabata imodzi cha mu Febuluwale kapena Malichi, ndiye kuti mazira anaswera pafupi. Make sakhala nato, timabalalika tokha m'masiku ochepa. Koma kamwana ka mamba kamabadwa ndi ululu wake ndipo kamalavula kuyambira tsiku loyamba. Ana a anthu ndi amene amatipeza, chifukwa timayenda masana ndipo timaoneka ngati tosaopsa. Auzeni ana anu momveka kuti njoka iliyonse, ngakhale yaing'ono ngati chingwe cha nsapato, akaiona abwerere m'mbuyo n'kuitana wamkulu. Tiana timeneti timalowa pa mpata wochepa kwambiri, ndiye m'miyezi imeneyi yang'ananinso kunsi kwa zitseko.

Pakhomo pathu papita zaka zingapo tsopano osapeza mamba m'nyumba. Kudimba ndi kumtsinje timakumana nayebe, ndipo kumeneko timangomupatsa njira, chifukwa akutithandiza kuchepetsa mbewa zodya mbewu. Chaka chilichonse mu Seputembala, kutentha kusanafike, ndimazungulira nyumba ndi ndowa ya simenti yosakaniza n'kumata ming'alu yatsopano, ndimasintha mphira wa kunsi kwa chitseko ngati watha, ndipo mayi a ana amatulutsa maneti onse padzuwa n'kusoka paliponse pobooka.